Chomwe chikudya mayunitsi m'nyumba za ku Zomba sichomwe ambiri amathimitsa

ZOMBA — Nyengo yozizira ikafika mumzinda wa Zomba, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pomwe chiperoni chimakuta phiri kwa masiku angapo dzuwa osaoneka, dandaulo la mabanja omwe amagwiritsa ntchito magetsi limafanana kuyambira ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi mpaka ku Kalimbuka: mayunitsi akutha mwezi usanathe.

Ena amati mita ndi yomwe ikuthamanga. Ena amaloza chala mitengo ya magetsi, ndipo pamenepa sakunama. Mchaka cha 2023 chokha, bungwe loona za mphamvu zamagetsi ndi mafuta la MERA lidavomereza kukweza mitengoyi kawiri, ulendo wachiwiri potsatira kugwa mphamvu kwa ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala. Malipiro a ogwira ntchito m'boma, omwe ndi ochuluka mumzindawu, sadakwere pamlingo womwewo.

Komabe mtengo umangonena kuchuluka kwa mayunitsi omwe munthu apatsidwe pa ndalama yomwe walipira. Liwiro lomwe mayunitsiwo athere limachokera m'nyumba momwemo, ndipo ndi mabanja ochepa omwe adayamba akhalapo pansi n'kuyeza kuti chipangizo chilichonse chikudya zochuluka bwanji. Chotsatira chake n'chakuti mavuto akafika pakhosi, banja limathimitsa zinthu zomwe sizidya kanthu, n'kusiya zomwe zikudya kwambiri zikuyakabe. Choipa kwambiri n'chakuti ambiri amathimitsa kuka n'kukoleza mbaula, ndipo makala a m'mbaulayo amachokera m'phiri lomwelo lomwe limamwetsa mzindawu madzi.

Masamu ake ndi osavuta. Chipangizo chilichonse cha magetsi chimakhala ndi kachizindikiro kumbuyo kapena pansi pake, pomwe pamalembedwa mphamvu yomwe chimakoka, m'mawati. Yunitsi imodzi yomwe bungwe logulitsa magetsi la ESCOM limagulitsa ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Choncho munthu akachulukitsa mawati a chipangizo ndi maola omwe chimayaka, n'kugawa ndi 1,000, amapeza mayunitsi omwe chadya. Pomwe palembedwa ma ampu okha, amachulukitsa ndi 230, omwe ndi mavoti a magetsi a m'nyumba m'dziko muno, kuti apeze mawati.

Masamuwa akachitika, zinthu zina zomwe zimaimbidwa mlandu pakhomo zimapezeka zosalakwa. Kutchaja foni mpaka kudzaza kumadya mawati pafupifupi 15 mpaka 20 a ola limodzi, kutanthauza kuti foni yotchajidwa tsiku ndi tsiku siimaliza yunitsi imodzi pamwezi. Bambo yemwe amakalipira ana chifukwa cha tchaja chomwe chasiyidwa pakhoma amakhala akulimbana ndi nyerere pomwe njovu ili m'denga.

Njovuyo ndi giza. Nyumba zambiri zakale za boma za ku Zomba, zomwe zidamangidwa mzindawu udakali likulu la dziko lino chisanafike chaka cha 1975, komanso nyumba zatsopano za m'madera a anthu opezako bwino, zili ndi giza m'denga kapena panja pa bafa. Giza wa malita 150 nthawi zambiri amakhala ndi chotenthetsera cha mawati 3,000. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna mawati 1.16 a ola limodzi. Kotero kuti madzi odzaza gizayo achoke pa madigiri 18 kufika pa 60, pamafunika mayunitsi oposa 7. Banja lomwe limamaliza madzi otentha onsewo tsiku lililonse limawononga mayunitsi oposa 200 pamwezi posamba pokha.

Ku Zomba kuli chifukwa china chomwe chimawonjezera vutoli. Madzi a m'mipopi ya mumzindawu amachokera pamwamba pa phiri, m'damu la Mulunguzi lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la Southern Region Water Board. Phirili ndi lalitali mamita pafupifupi 2,000, ndipo madzi ake amazizira kwambiri m'nyengo yachisanu. Madzi akalowa m'giza ali ozizira ndi madigiri asanu kuposa masiku onse, giza wa malita 150 amafuna pafupifupi yunitsi ina yowonjezera kuti awafikitse pomwe amafika. Nthawi yomweyonso anthu amasamba madzi otentha ochulukirapo. Mita siikhala itasintha khalidwe. Chomwe chasintha ndi madzi.

Palinso kutentha komwe giza amataya ngakhale palibe yemwe watsegula mpopi. Thanki yomwe ili m'denga lozizira imazirala pang'onopang'ono, ndipo kachipangizo koyang'anira kutentha kamayatsanso chotenthetsera usana ndi usiku. Pa giza wa msinkhu umenewu kutayika kotere kumatha kukhala yunitsi imodzi ndi theka kapena mayunitsi awiri patsiku, ndipo wakale yemwe chokutira chake chidawonongeka amaposa pamenepo. Awa ndi mayunitsi 45 mpaka 60 pamwezi omwe palibe yemwe wasambira.

Njira zochepetsera izi sizifuna ndalama zambiri. Kuyatsa giza ola limodzi kapena awiri nthawi yosamba isanakwane n'kumuthimitsa pambuyo pake, kukuta thanki ndi mapaipi a madzi otentha ndi chofunda chopangidwira ntchitoyo, komanso kukonza mpopi wa madzi otentha womwe ukudontha, zonsezi zimaoneka pa mita sabata yomweyo. Magiza ena amapezeka atatcheredwa pa madigiri 70 kapena kuposera apo, pomwe 60 ndi okwanira. Kutsitsa kwambiri kupitirira apo sikoyenera, chifukwa madzi ofunda chabe amasunga tizilombo ta Legionella tomwe timayambitsa mtundu wina wa chibayo. Ntchito yotchera imeneyi ndi ya katswiri wa zamagetsi, magetsi atathimitsidwa kaye.

Hita ndi mnzake wa giza. Hita ya mawati 2,000 yoyaka maola anayi madzulo aliwonse imadya mayunitsi 8 patsiku, 240 pamwezi. M'malo ogona alendo ndi m'nyumba zopumuliramo za pamwamba pa phiri, cha ku Ku Chawe, komwe usiku umazizira koposa m'tauni, chipangizo chimodzichi chingathe kudya magetsi oposa zipangizo zina zonse za m'chipindamo kuphatikiza pamodzi. Bulangeti lamagetsi, poyerekeza, limakoka mawati osaposa 100 mpaka 150, chifukwa limatenthetsa munthu osati chipinda chonse.

Nkhani ya mababu ndi yodziwika kale koma siidathe. Mababu asanu ndi atatu akale a mawati 60, oyaka maola asanu patsiku, amadya mayunitsi 72 pamwezi. Mababu a LED a mawati 9, omwe amawala chimodzimodzi, amadya mayunitsi osakwana 11. Pomwe ambiri amaiwala ndi pa mababu a panja, omwe amayaka usiku wonse poopa akuba. Babu limodzi la mawati 100 loyaka maola 12 limadya mayunitsi 36 pamwezi, ndipo nyumba yokhala ndi anayi, m'ngodya zonse, imataya mayunitsi 144. Nthawi zambiri mababu a panjawa ndi omwe amatsala akale eni nyumba atasintha a m'zipinda, chifukwa palibe yemwe amawayang'ana.

Firiji ndi yovutirapo kuiweruza ndi masamu okha. Kachizindikiro kake kangathe kunena mawati 120, koma injini yake siiyenda nthawi zonse: imayaka, m'kati mukazizira imasiya. Firiji yabwino ya masiku ano imadya yunitsi imodzi patsiku kapena kucheperapo. Yakale, yomwe labala la pachitseko lidatha, yomwe idakanikizidwa kukhoma kapena idaikidwa pafupi ndi kuka, injini yake siipuma ndipo ingathe kudya kuwirikiza kawiri kapena katatu. Mabanja ambiri omwe amagulitsa mafilizesi, thobwa kapena nkhuku zozizira pofuna kuwonjezera pa malipiro sadziwa ngati phindu lomwe akupeza likuposa magetsi omwe firiji yachiwiriyo ikudya. Apa ndi pomwe kuyeza kwenikweni kumafunika.

Chida choyezera chili kale m'nyumba. Mita yolipiriratu, yomwe ambiri amangoiyang'ana ikayamba kulira, imaonetsa mayunitsi otsala mpaka tizigawo ting'onoting'ono. Munthu akalemba nambala yomwe ikuoneka pogona, n'kudzalembanso m'mawa asanayatse kanthu, kusiyana kwake ndi komwe nyumba imadya aliyense ali m'tulo: firiji, giza, mababu a panja ndi zipangizo zomwe zimaoneka ngati zathima koma zili maso. Usiku wotsatira akathimitsa giza yekha n'kulembanso, amadziwa gawo la giza. Usiku wachitatu akachita chimodzimodzi ndi mababu a panja, chotsalacho chimakhala cha firiji ndi tina ndi tina. Pakutha pa sabata imodzi, ndi kope la sukulu ndi cholembera basi, banja limakhala ndi chithunzithunzi chomwe silikadachipeza kwa wina aliyense.

Pali njira ina yachangu. Mamita ambiri ali ndi kanyali kofiira komwe kamaphethira, ndipo pafupi nako pamalembedwa kuchuluka kwa kuphethira komwe kumapanga yunitsi imodzi. Pa mita yolembedwa 1,000, kanyaliko kakaphethira ka 20 pa mphindi imodzi ndiye kuti pa ola kaphethira ka 1,200, kutanthauza kuti nyumbayo ikukoka mawati 1,200 panthawiyo. Kuthimitsa zonse n'kuyatsa chipangizo chimodzi, kenako kuwerenga kuphethirako, kumaonetsa zomwe chipangizocho chikudyadi, osati zomwe wopanga adalemba. Mamita amasiyana, kotero nambala yolembedwa pa mita yeniyeniyo ndi yomwe iyenera kutsatidwa.

Njira yomweyi imayankhanso funso lomwe limayambanitsa anthu okhala m'nyumba za lendi zomwe zimagawana mita imodzi, monga m'madera a Chikanda komwe kumakhala ophunzira ambiri a pa sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi. Kumeneko ndalama ya magetsi imagawidwa potengera chiwerengero cha anthu kapena zipinda, pomwe wina ali ndi babu limodzi ndi kompyuta ya m'manja, mnzake ali ndi hotipuleti ndi chotenthetsera madzi choviika m'ndowa. Ndipo ngati zonse za m'nyumba zathimitsidwa koma kanyaliko kakuphethirabe, pali waya wina yemwe akutulutsa magetsi kunja, kaya chifukwa chowonongeka kaya chifukwa cha dzanja la munthu. Imeneyo ndi nkhani yokanena ku ESCOM, osati yoti mwini nyumba atsegule mita yekha, pakuti kutero ndi mlandu.

Zipangizo zomwe zimakhala maso zikuoneka ngati zagona zimadya pang'ono koma sizipuma. Dikoda yomwe imakoka mawati 10 usana ndi usiku imadya mayunitsi 7 pamwezi. Si zambiri, koma kwa banja laling'ono zili ndi tanthauzo, chifukwa m'dongosolo la mitengo lomwe lakhala likugwiritsidwa ntchito m'zaka zapitazi, mayunitsi 50 oyamba pamwezi a nyumba zokhala ndi mita yolipiriratu akhala akugulitsidwa pamtengo wotsikirapo. Banja lopanda giza ndi hita, lokhala ndi mababu a LED, wailesi ya kanema ndi firiji yaing'ono yabwino, lingathe kukhala pafupi ndi malire amenewa.

Nkhani yovuta kwambiri ndi yophika. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa mchaka cha 2018, yemwe adachitika ndi nthambi ya boma yoona za chiwerengero ya National Statistical Office yomwe likulu lake lili ku Zomba konko, adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zomwe zimaunikira magetsi, koma zophikira magetsi zidali pafupifupi ziwiri zokha pa 100. Kusiyana kumeneku kukuonetsa kuti ngakhale m'nyumba momwe muli magetsi, ambiri amaphikira makala kapena nkhuni. Mzinda wa Zomba udali ndi anthu oposa 105,000 panthawiyo.

Aliyense yemwe wayendapo m'mamawa pamsewu wotsika kuchokera ku Ku Chawe, kapena pamsewu wa ku Liwonde cha ku Domasi ndi ku Malosa, adaonapo mitolo ya nkhuni pamitu ndi matumba a makala panjinga zikulowera m'tauni. Ogula ake si osauka okha ayi. Ambiri ndi aphunzitsi, makalaliki, apolisi, asilikali ndi anamwino omwe m'nyumba zawo muli kuka yemwe amangokhala ngati chokongoletsera. Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya zamakala ya zaka za 2017 mpaka 2027, ndipo lamulo la zankhalango lidakhwimitsidwa mchaka cha 2020 pofuna kuonjezera zilango kwa owotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo. Koma lamulo limagwira wonyamula thumba. Siligwira chifukwa chomwe wogula akulifunira.

Chifukwa chimodzi ndi kuzimazima kwa magetsi, ndipo chimenecho banja silingachitepo kanthu. Mayi yemwe magetsi adamuthimira nsima ili pamoto sangadzudzulidwe chifukwa chosunga mbaula. Chifukwa china ndi chikhulupiriro chakuti kuphikira magetsi ndi komwe kumamaliza mayunitsi, ndipo chimenechi n'choona mwa theka chabe. Mbale imodzi ya hotipuleti imakoka mawati 1,000 mpaka 1,500. Kuphika nsima ndi ndiwo zamasamba kwa theka la ola kumadya yunitsi yosakwana imodzi. Kuwiritsa lita imodzi ya madzi m'ketulo kumadya gawo limodzi mwa magawo khumi a yunitsi. Zomwe zimadya kwambiri ndi zophika nthawi yaitali, monga nyemba, nandolo wouma ndi nyama yolimba, zomwe zimakhala pamoto maola awiri kapena atatu, komanso uvuni.

Pa zakudya zimenezi poto wamagetsi wophika ndi nthunzi yotsekeredwa, yemwe tsopano akupezeka m'masitolo a m'mizinda, amasintha masamu onse. Amakoka mawati pafupifupi 1,000 kwa mphindi zochepa mpaka nthunzi itakwanira, kenako amangoyatsa apo ndi apo chifukwa ndi wokutidwa bwino ndipo kutentha sikuthawa. Nyemba zomwe pa hotipuleti zikadadya mayunitsi awiri zimapsa ndi pafupifupi theka la yunitsi. Kuviika nyemba m'madzi usiku, kuvundikira poto ndi kugwiritsa ntchito poto wa tsinde lophwatalala yemwe akukwana pa mbale kumathandizanso, ndipo zimenezi sizifuna kugula kanthu.

Tanthauzo lake ndi lakuti nyumba yomwe ili ndi giza woyaka usana ndi usiku komanso mababu akale panja, ikakonza ziwiri zokhazi, ingathe kupulumutsa mayunitsi oposa 150 pamwezi, omwe ndi okwanira kuphikira chakudya chambiri cha banjalo pamagetsi. Banja lotere likasiya giza akuyaka n'kumagula matumba a makala, limakhala likulipira kawiri, ndipo mtengo wachitatu umagwera phiri. Mitengo ya m'nkhalango ya Zomba ndi Malosa ndi yomwe imasunga madzi a mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi, yomwe imathira m'nyanja ya Chilwa. Mbali ya kumadzulo kwa phirili imatsetserekera m'chigwa cha Shire, ndipo dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo a m'chigwachi ndi lomwe limakadzaza m'madamu opangira magetsi.

Apa ndi pomwe nkhani ya m'khitchini imakumana ndi nkhani ya dziko. M'nthawi ya atsamunda Zomba idali ndi makina ake aang'ono opangira magetsi ndi madzi otsika m'phiri, koma lero mzindawu umadalira magetsi omwe dziko lonse limagawana. Ambiri mwa magetsiwa amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, komwe kampani ya EGENCO, yomwe idapatukana ndi ESCOM mchaka cha 2017, imayendetsa makina. Kudalira mtsinje umodzi kudaonetsa kuopsa kwake m'zaka za 2016 ndi 2017 pomwe madzi a m'nyanja ya Malawi adatsika kwambiri, mpaka dziko lidabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko pamtengo wokwera. Kudaonekanso mu Januwale 2022 pomwe namondwe wa Ana adawononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ochokera m'madzi, mpaka mchaka cha 2023.

Malo opangira magetsi a dzuwa adatsegulidwa ku Salima mchaka cha 2021, a mamegawati 60, ndi ku Golomoti mchaka cha 2022, a mamegawati 20. Koma dzuwa limalowa nthawi yomwe anthu akuweruka. Vuto lalikulu la ESCOM limakhala m'mamawa komanso madzulo, kuyambira cha m'ma 5 koloko mpaka cha m'ma 8 koloko, pomwe makuka, magiza, mahita, maayironi ndi mababu zimayaka pamodzi m'dziko lonse. Magiza 1,000 a mawati 3,000 akayaka nthawi imodzi amakoka mamegawati atatu, pomwe malo onse opangira magetsi a ku Wovwe m'boma la Karonga amatulutsa mamegawati ongopitirira anayi. Choncho funso silongoti nyumba ikudya mayunitsi angati, komanso ikuwadya nthawi yanji. Giza woyatsidwa masana kapena pakati pa usiku, ndi zovala zositidwa Loweruka masana m'malo mwa tsiku lililonse m'mawa, zimapepuza katundu pa nthawi yomwe magetsi amathimitsidwa chifukwa chosakwanira.

Dziko lino lidayesapo kale njira imeneyi, ndipo idathandiza. M'zaka za 2011 ndi 2012, ndi thandizo la boma la Britain, mababu osawononga magetsi pafupifupi 2 miliyoni adalowa m'dziko muno, ambiri mwa iwo n'kugawidwa ulere m'nyumba posinthanitsa ndi akale. Patapita zaka zingapo ESCOM idagulitsanso mababu a LED pamtengo wotsika. Ntchito zimenezi zidaonetsa kuti megawati yopulumutsidwa imapezeka msanga komanso motsika mtengo poyerekeza ndi megawati yomangidwa, pakuti damu limatenga zaka zambiri pomwe babu limasinthidwa m'mphindi imodzi. Chofooka chake chidali chakuti zidathera pa mababu. Magiza, mafiriji ndi makuka, zomwe zimadya kwambiri, sizidalandire chidwi chofanana.

Maiko ena adapitirira pamenepa. Dziko la Ghana lidaletsa kulowetsa mafiriji ogwiritsidwapo kale ntchito, chiletso chomwe chidayamba kugwira ntchito mchaka cha 2013, ndipo lidalamula kuti zipangizo zatsopano zizikhala ndi chizindikiro cha nyenyezi choonetsa kadyedwe kake ka magetsi. Ku South Africa mafiriji, magiza ndi zipangizo zina zimagulitsidwa ndi chikalata chamitundumitundu chokhala ndi zilembo, pomwe A amaimira chipangizo chosawononga. Popeza katundu wambiri wa m'masitolo a m'dziko muno amachokera kumeneko, zikalatazi zimafika nazo, ndipo pa firiji pamalembedwa mayunitsi omwe imadya pachaka. Ogula ambiri amazimatula osaziwerenga. Firiji yolembedwa 250 ndi ina yolembedwa 450 zimasiyana ndi mayunitsi 200 pachaka, 2,000 pa zaka khumi, ndipo kusiyana kumeneku kungathe kuposa ndalama yomwe munthu adaona ngati wapulumutsa pogula yotchipa.

Mfundo yomweyi ikukhudza makomiti ogula katundu m'maunduna ndi m'nthambi za boma. Komiti ikangoyang'ana mtengo wotsikitsitsa wogulira firiji, giza kapena makina oziziritsira m'chipinda, osafunsa mayunitsi omwe chipangizocho chizidya pachaka, imakhala yasankhira ofesiyo bilu ya zaka khumi zikubwerazo. Kuwonjezera mzere umodzi m'chikalata choitanira ogulitsa, wofunsa kadyedwe ka magetsi, sikufuna lamulo latsopano.

Zomba ndi malo oyenera kuyambirapo chifukwa ndi mzinda wokhala ndi malo ambiri a boma. Ngakhale likulu lidasamuka, kudatsala malo osindikizira mabuku a boma, nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko, nthambi yofufuza za miyala, bungwe loyendetsa mayeso la MANEB, chipatala chachikulu, chipatala cha odwala matenda a ubongo, ndende yaikulu, malo a asilikali a Cobbe ndi sukulu ya ukachenjede. Ambiri mwa malowa ali ndi makhitchini, malo ogona ndi nyumba za ogwira ntchito. Kwa zaka zambiri ESCOM yakhala ikudandaula poyera za ngongole zomwe maunduna ndi nthambi za boma zimakhala nazo, ndipo imodzi mwa njira zomwe idatsata ndi kuika mamita olipiriratu m'malo aboma.

Mita yolipiriratu imaletsa ngongole, koma payokha siichepetsa kuwononga. Imangosamutsa vuto kuchoka ku ofesi ya ESCOM kupita pa tebulo la woyang'anira chuma, yemwe tsopano ayenera kusankha pakati pa mayunitsi, mafuta a galimoto ndi mapepala kuchokera m'thumba limodzi la ndalama zoyendetsera ntchito. Vuto la m'maofesi ndi m'nyumba zina za mabungwe ndi lakuti woyatsa si yemwe amalipira. Mkulu yemweyo yemwe kunyumba kwake amazungulira zipinda kuthimitsa mababu amatha kuchoka mu ofesi Lachisanu hita ili pansi pa tebulo ikuyaka. Hita ya mawati 2,000 yosiyidwa kuyambira 5 koloko madzulo Lachisanu mpaka 7 koloko m'mawa Lolemba ingathe kudya mayunitsi oposa 120, omwe ndi ochuluka kuposa omwe banja laling'ono la ku Mpondabwino limagwiritsa ntchito mwezi wathunthu.

Kuyeza kwa m'maofesi sikusiyana ndi kwa m'nyumba. Mlonda kapena mesenjala akapatsidwa kope loti azilembamo nambala ya pa mita poweruka ndi polowa ntchito, woyang'anira ofesi amaona m'sabata ziwiri zokha kuchuluka kwa magetsi omwe amadyedwa m'nyumbamo mulibe munthu. Kumalo monga zipatala, komwe mafiriji a mankhwala ndi makina ena sayenera kuthima, nambala ya usiku idzakhala yokwera ndipo pali chifukwa chomveka. Ku ofesi ya makalaliki yomwe imatsekedwa 5 koloko, nambala ya kumapeto kwa sabata iyenera kukhala ya mababu a panja okha, ndipo imeneyo ingawerengedweretu ndi masamu a mawati ndi maola. Chilichonse choposa pamenepo chili ndi switchi yake penapake m'nyumbamo.